Mmera Mpoyamba: Shuga wa Mayi Woyembekezera ndi Mano a Mwana



Mwana akamera mano achikasu, a mawangamawanga, kapena mano ake akayamba kubenthuka asanakwanitse n'komwe zaka zitatu, mlandu sitichedwa kuugamula. Ena amati mayi ake amamupatsa maswiti kwambiri. Ena amati samutsuka m'kamwa. Ena amati ndi kumtundu, akuchimuna onse mano awo ngotero. Pena timachita kunong'onezana kuti alipo amene anachitapo kanthu. Za maswiti ndi kusatsukazo nthawi zambiri zimakhala zoona. Koma pali chifukwa china chimene sitichitchula pa misonkhano yathu, chifukwa chimachitika mwana asanaoneke ndi maso: shuga wokwera m'magazi a mayi pa nthawi imene ali woyembekezera.

Maganizo anga ndi awa. Kuyezetsa shuga kwa mayi woyembekezera tikusandutse nkhani ya bungwe lathu, monga mmene tinachitira ndi kugona m'masikito ndi kuyezetsa magazi. Ndayambira pa mano chifukwa mano ndi amene tonse timawaona, ndipo amasunga mbiri ya zimene mwana anadutsamo ali m'mimba.

Dzino limaumbidwa liti?

Ambirife timawerengera mano kuyambira tsiku limene kadzino koyamba katuluka, mwana ali ndi miyezi 6 kapena kupitirirapo pang'ono. Koma pamenepo ntchito yaikulu imakhala itatha kale. Timbewu ta mano timayamba kuoneka m'nsagwada za mwana mimba ili ndi masabata 6 okha, nthawi imene mayi mwina akungokayikira kuti wadumphitsa mwezi. Mimba ikafika cha m'masabata 14, mano oyamba aja amayamba kulimba. Thupi limatenga kashiyamu ndi michere ina m'magazi a mayi n'kumamanga chikutiro choyera cholimba cha pamwamba pa dzino, chimene achipatala amachitcha enamelo. Pa tsiku lobadwa, mano onse 20 aubwana amakhala ali m'nkhama, akutsogolo atatsala pang'ono kutha kumangidwa, am'mbali ali pakati. Ngakhale zitsakano zoyamba za mano achikulire, zimene zimadzamera mwana ali ndi zaka 6, zimayamba kulimba cha pa nthawi yobadwa yomweyo.

Enameloyu ndi chinthu cholimba kuposa china chilichonse m'thupi la munthu, kuposa ngakhale fupa. Koma ali ndi vuto limodzi. Fupa likathyoka limalumikizana, khungu likachekeka limapola, pomwe enamelo sapola. Timaselo timene timamumanga timatha ntchito dzino likamatuluka, ndipo sitibweranso.

Inu amene munaotchapo njerwa mukudziwa. Moto ukazilala pakati pa usiku, njerwa za mbali imeneyo zimatuluka zosapsa. Mutha kumangira nyumba, mutha kupaka pulasitala, koma simungazibwezerenso mu uvuni. Mvula yoyamba ndi imene imaulula. Dzino nalonso n'chimodzimodzi. Chilichonse chimene chasokoneza timaselo tija pa masabata amene tikugwira ntchito chimasiya chipsera: kadzenje, kamzere, banga loyera ngati choko kapena lachikasu, kapenanso malo ofewa amene sachedwa kubooka.

Shuga amalowapo bwanji?

Mayi akakhala woyembekezera, nsengwa imatulutsa timadzi tina timene timachititsa kuti insulini wa mayi asamagwire ntchito mwamphamvu monga kale. Insulini ndi amene amachotsa shuga m'magazi kumulowetsa m'minofu. Kwa amayi ambiri kapamba amangowonjezera insulini, zinthu n'kuyenda bwino. Kwa ena kapamba amalephera kukwanitsa, ndipo shuga amakwera. Awa ndiwo matenda a shuga obwera ndi mimba. Amayamba kawirikawiri mimba ikapitirira theka, cha m'masabata 24 mpaka 28. Taonani kuti imeneyi ndi nthawi yomwe enamelo wa mano aubwana ali mkati momangidwa.

Shuga wa mayi amadutsa pa nsengwa n'kufika kwa mwana, koma insulini wa mayi sadutsa. Ndiye kapamba wa mwana amayamba kugwira ntchito ya munthu wamkulu, kutulutsa insulini wambiri, ndipo shuga uja amasanduka mafuta. Mwana amakula mopitirira, ena kufika makilogalamu 4 kapena kuposa. Akangobadwa, mchombo n'kudulidwa, shuga wa mayi amasiya kubwera koma insulini wa mwana akadali wochuluka, choncho shuga wake amatha kutsika kwambiri. Pa masiku awiri kapena atatu oyamba kashiyamu wa m'magazi ake amathanso kutsika. Ana otere amabadwanso kawirikawiri masiku asanakwane, amavutika kupuma, ena amagwidwa chikasu. Zonsezi ndi zinthu zimene zimadziwika kuti zimasokoneza kamangidwe ka enamelo.

Nkhaniyi si yatsopano. Madokotala a mano ku Sweden anayamba kuifufuza m'zaka za m'ma 1960, ndipo pambuyo pake ankatenga mano aubwana amene aguluka n'kuwayang'ana pa makina okulitsa zinthu. M'dzino la mwana aliyense mumakhala kamzere kosonyeza tsiku limene anabadwa, monga mizere imene timaona pa chitsa cha mtengo. Mwa ana a amayi odwala shuga, zipsera za pa enamelo zinkapezeka kawirikawiri kuposa mwa ana ena.

Pali gulu linanso: amayi amene anali kale ndi shuga asanatenge mimba, ena akudziwa, ena osadziwa. Kwa iwowa ngozi imayamba msanga, m'masabata oyambirira, pamene mtima, msana, milomo ndi m'kamwa mwa mwana zikuumbidwa. Shuga akakhala wokwera nthawi imeneyo, mwayi woti mwana abadwe ndi chilema, kuphatikizapo mlomo wong'ambika, umakula. N'chifukwa chake mayi amene akudziwa kuti ali ndi shuga ayenera kukambirana ndi achipatala asanatenge n'komwe mimba.

Mundimvetse bwino apa. Si mwana aliyense wa mayi wa shuga amene amakhala ndi mano oonongeka, ndipo si mwana aliyense wa mano oonongeka amene mayi ake anali ndi shuga. Kubadwa masiku asanakwane pa zifukwa zina, kunyentchera, kudwala kwambiri ali wakhanda, madzi a pa mijigo ina okhala ndi fuloraidi wochuluka, makapisozi a tetracycline amene ena amagula pamsika n'kumwa ali oyembekezera, zonsezi zimasiyanso chizindikiro pa mano. Shuga amawonjezera mwayi wa vutoli, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene tingachipeze ndi kadontho ka magazi a pa chala n'kuchithana nacho nthawi ikadalipo. Musapite kukaloza chala mayi wina ku mphakati kuti mano a mwana wakewo ndi shuga. Iyeyo sanasankhe, ndipo mwina palibe amene anamuyeza.

“Si mano aubwana omwewa? Aguluka.”

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri, ngakhale kwa ophunzira unamwino a chaka choyamba. Inde aguluka, koma liti? Akutsogolo amayamba kuguluka mwana ali ndi zaka 6, pomwe zitsakano zaubwana zimakhala mpaka zaka 10, 11 kapena 12. Mwana amene mano ake ayamba kubooka ali ndi zaka ziwiri ali ndi zaka zambiri zomva ululu. Satha kukukuta chimanga chootcha kapena mtedza, amakana ndiwo zofuna kutafuna, amangofuna phala ndi tiyi. Usiku sagona, ndipo mayi nayenso sagona. Kusukulu amajomba. Dzino likatunga mafinya limatha kuononga lachikulire limene likukula pansi pake, ndipo likazulidwa msanga, anzake amasendera n'kutseka malo, achikulire n'kumera mopanikizana.

Tikumbukirenso kuti thandizo la mano m'dziko muno ndi lochepa. Sukulu yoyamba yophunzitsa madokotala a mano inatsegulidwa mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ndondomeko ya dziko yosamalira m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ndi chiyambi chabwino, koma mayi wa ku Nkhulambe, ku Sukasanje kapena ku Chitekesa akamafika ndi mwana kwa a mano, nthawi zambiri dzino limakhala litaonongeka moti chotsala n'kuzula basi. Kwa ife kuno, kupewa ndiye mankhwala amene tingawakwanitse.

“Shuga ndi matenda a anthu a ndalama”

Ena mwa inu mukuti: amayi, kuno ku Phalombe tadutsa m'namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, chaka chotsatira chilala, anthu akugona ndi njala, inu mukutiuza za shuga? Funsoli ndi lomveka. Njala ndi yeniyeni, ndipo mayi woyembekezera wosowa chakudya ali pa ngozi yaikulu. Koma shuga sayang'ana m'thumba. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti akuluakulu oposa 5 mwa 100 alionse m'Malawi anali ndi matenda a shuga, ndipo sanali a m'tauni okha. Bungwe loona za matenda a shuga pa dziko lonse linanena mu 2021 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 6 alionse obadwa amachokera m'mimba imene shuga anali wokwera, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka.

Ndipo umphawi uli ndi kadyedwe kake. Ndiwo zikasowa timakhutira nsima. Mmawa ndi tiyi wa masupuni atatu kapena anayi a shuga ndi mandasi. Masana phiri la nsima ya ufa woyera, ndiwo zongonyambitira. Madzulo chimodzimodzi. Munthu amakhuta, koma chimene chalowa m'magazi ndi shuga yekhayekha, pomwe zomanga thupi n'zochepa.

Apa ndi pamene ife amayi a bungwe tiyenera kudzifunsa. Tikapita kukazonda mnzathu woyembekezera, m'jumbo mumakhala chiyani? Paketi ya shuga, botolo la Sobo, Fanta, buledi. Timamuuza kuti adye za anthu awiri. Mwana akabadwa wa makilogalamu 4 ndi theka timalulutira, tikuti mayi ankadya bwino. Mzamba akaona mwana wotere salulutira msanga. Amakumbukira mapewa amene anavuta kutuluka, mayi amene wang'ambika kapena wapita ku opaleshoni, ndipo amathamangira kuyeza shuga wa khandalo. Chikondi chathu n'chenicheni, koma tisinthe zimene timanyamula. Mazira, mtedza, nandolo, nyemba, matemba a ku Chilwa kapena usipa umene timadya ndi minga yomwe, nkhwani, bonongwe, chisoso, ufa wa mgaiwa kapena wa mapira, magwafa, papaya. Zambiri mwa izi zili m'minda mwathu momwemo, ndipo n'zotsika mtengo kuposa paketi ya shuga.

Kubisa mimba

Chopinga china ndi mwambo wathu wobisa mimba mpaka iyambe kuoneka. Timaopa maso a anthu, timaopa kuti ikapita padera tidzayankha chiyani, atsikana amaopa makolo ndi akumpingo. Kafukufuku wa za umoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 24 okha mwa 100 ndi amene anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Pomwe bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, kuyambira 2016, limalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala ka 8, ulendo woyamba mimba isanapitirire masabata 12. Mayi akayamba sikelo pa miyezi 6 kapena 7, ziwalo za mwana zaumbidwa kale, ndipo enamelo ali pakati pomangidwa.

Sindikunena kuti mimba izilengezedwa pa guwa. Chinsinsi chisungidwe kwa anthu, koma osati kwa mzamba. Ndipo mtsikana amene watenga mimba asanakwatiwe, kaya tili ndi mawu otani oti timuuze, tiyambe tamuperekeza ku sikelo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kufunsa ku sikelo

Choopsa cha shuga wa pa mimba n'chakuti nthawi zambiri samveka m'thupi. Ludzu, kukodza pafupipafupi, kutopa, zonsezi mayi aliyense woyembekezera amazimva, ndiye timangoti ndi mimba. Mauka obwerabwera, kapena nyerere kuunjikana pamene munthu wakodza, ndi zizindikiro zoti musazinyozere, koma amayi ambiri alibe chizindikiro chilichonse. Njira yodziwira ndi kuyeza magazi. Kuyeza mkodzo kumathandiza koma kumaphonya ambiri.

Mayi aliyense ndi bwino ayezedwe, makamaka amene anaberekapo mwana wa makilogalamu 4 kapena kuposa, amene anaberekapo mwana wakufa kale kapena mimba zimangopita padera, amene kwawo kuli odwala shuga, wonenepa kwambiri, wa zaka zopitirira 35, wa BP yokwera, ndi amene anapezekapo ndi shuga pa mimba ina. Awa anene okha kwa mzamba pa ulendo woyamba, asadikire kufunsidwa. Muyezo wabwino umachitika mmawa munthu asanadye kanthu. Kumene zipangizo zilipo, amakumwetsani madzi a shuga woyezedwa n'kukuyezaninso pakatha ola limodzi ndi maola awiri. Malinga ndi malangizo a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse a 2013, shuga wa mayi woyembekezera amene sanadye akafika 5.1, kapena 92 pa makina owerengera mwa njira inayo, ndiye kuti wakwera. Pemphani kuti nambalayo ilembedwe m'buku lanu la kuchipatala.

Safunsa anadya phula. Kufunsa kuti “Kodi shuga mwandiyeza?” si mwano. Ndikudziwa kuti m'zipatala zing'onozing'ono timapepala toyezera timatha, ndipo mzamba mmodzi amakhala ndi mzere wa amayi ofika panja. Akakuuzani kuti palibe, funsani kumene mungapite. M'boma lathu lino tili ndi chipatala cha Mpingo cha Holy Family komanso chipatala chachikulu cha boma.

Akakupezani naye, musataye mtima. Amayi ambiri shuga wawo amatsika ndi kadyedwe ndi kuyenda kokha: kuchepetsa mitanda ya nsima n'kuchulukitsa ndiwo, kudya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku m'malo modya zambiri kamodzi, kusiya zakumwa zotsekemera, nzimbe ndi thobwa lothira shuga, ndi kuyendako pang'ono mukatha kudya. Kudzimana chakudya ayi, kumeneko n'kupweteka mwana. Ngakhale pa nyengo ya Lenti, Mpingo sukakamiza mayi woyembekezera kapena wodwala kusala kudya. Ena amafunika mapiritsi kapena jakisoni wa insulini, ndipo insulini sapweteka mwana. Mankhwala a zitsamba amene akuti amatsitsa shuga asiyeni, palibe amene akudziwa mlingo wake. Ndipo mayi wotere achilire kuchipatala chimene chingathe kuchita opaleshoni ndi kusamalira khanda.

Mwana akabadwa

Bere liperekedwe mkati mwa ola loyamba, ndipo aziyamwa pafupipafupi. Zimenezi zimathandiza kuti shuga wa khanda asatsike. Bere lokha mpaka miyezi 6. Mayi akayezetsenso shuga pakatha masabata 6, ndipo azibwereza m'zaka zotsatira, chifukwa amene anakhalapo ndi shuga wa pa mimba ali pa chiopsezo chachikulu chodzadwala shuga m'tsogolo, ngakhale atatsika atangochira.

Mano akayamba kumera, muzikweza mlomo wa mwana kamodzi pa mwezi pamalo owala n'kuyang'ana. Mukaona timaenje, mizere, kapena mawanga oyera ngati choko kapena achikasu, kaonetseni ku sikelo ya ana kuti akutumizeni kwa a mano asanabooke. Dzino la enamelo wofooka litha kukhala zaka zake zonse ngati latetezedwa. Kuyambira dzino loyamba, mutsukeni kawiri pa tsiku ndi mswachi wofewa ndi kolugeti wochepa ngati kambewu ka mpunga. M'phala muzithira nsinjiro m'malo mwa shuga. Sobo ndi tiyi wotsekemera m'botolo ayi, makamaka pogona. Ndipo chitsakano chimene chimamera kumbuyo kwenikweni mwana ali ndi zaka 6 musachiyese chaubwana. Chimamera popanda lina kuguluka, koma ndi chachikulire, ndipo chikazulidwa sichimeranso.

Ntchito ya bungwe lathu

Pa 31 Meyi timakumbukira ulendo wa Amayi Maria kukacheza kwa Elizabeti. Elizabeti anali wachikulire, mimba yake ili pa mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndipo Maria anakhala naye pafupifupi miyezi itatu. Lero mzamba akanati mimba ya Elizabeti ndi yofunika kuiyang'anira mwapadera. Maria sanatumize moni chabe, anapita yekha n'kukhala. Utumiki umenewu ndi wathu, ndipo ndikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, mphakati uliwonse ukhale ndi amayi awiri osunga chinsinsi, amene mayi woyembekezera angawauze msanga, ndipo iwo amuperekeze ku sikelo mimba isanakwane miyezi itatu. Chachiwiri, mimba ikafika miyezi 6, amayi omwewo amukumbutse zoyezetsa shuga ndi kuona kuti nambala yalembedwa m'buku. Chachitatu, tigwirizane pa msonkhano kuti m'jumbo yokazondera woyembekezera kapena wochira kumene musamakhale shuga ndi zakumwa zotsekemera. Chachinayi, atsogoleri athu a pa parishi akakhale pansi ndi komiti ya chipatala cha m'dera lawo, alangizi a zaumoyo ndi a nthambi ya zaumoyo ya arkidayosizi, kufunsa ngati zoyezera shuga zilipo ku sikelo ndi chimene tingachite kuti zisamathe. Timasonkha ndalama za nsalu ya bungwe ndi za maulendo, sitingalephere kusonkherako timapepala toyezera amayi athu. Mutu umodzi susenza denga.

Abambo nawo tiwauze, chifukwa ndi amene kawirikawiri amagwira ndalama yogulira ndiwo ndi yolipirira kabaza. Apongozi tiwauze, chifukwa ndi amene amaomola nsima.

Pa 14 Novembala dziko lonse limakumbukira matenda a shuga. Isanafike tsiku limenelo, nkhaniyi ilowe pa ndandanda wa zokambirana pa msonkhano wanu wa mwezi, ndipo muitane namwino kapena mzamba wa m'dera lanu adzayankhe mafunso. Ana amene adzalowe sitandade 1 zaka 6 kapena 7 zikubwerazi, mano awo akuumbidwa panopa, m'mimba mwa amayi amene timakhala nawo benchi imodzi pa Misa. Mmera mpoyamba.